Ndalama za anthu akufuna kwabwino zikalowa pa yunivesite, zimatulukanso pa geti?

Kunali mkulu wina dzina lake Robert Morin amene anagwira ntchito mu layibulale ya University of New Hampshire ku America kwa zaka pafupifupi 50. Ntchito yake inali yolemba mabuku m'kaundula, munthu wosakonda zapamwamba, ndalama akalandira ankangosunga basi. Atamwalira mu 2015 anthu anadzidzimuka kumva kuti wasiyira yunivesite ija madola 4 miliyoni. Pa ndalama zonsezo iye ananenapo za madola 100,000 okha kuti amenewa apite ku layibulale, zotsalazo anasiyira akuluakulu a sukulu kuti aone okha pozigwiritsa ntchito. Ndiye akuluakulu aja anaonadi okha. Madola 2.5 miliyoni anapita ku ofesi yothandiza ophunzira kupeza ntchito, apo anthu sanavute kwenikweni, koma 1 miliyoni anakagulira chisikirini chachikulu choonetsa zigoli pa bwalo la mpira. Anthu anakwiya koopsa, ndipo sukulu podziteteza inati bamboyo m'miyezi yake yomaliza anayamba kukonda kuonera mpira pa TV. Eti.

Ine nkhani imeneyi imandisekesa komanso imandiwawa, ndipo ndayambira pamenepa dala chifukwa ambirife tikamva kuti wakutiwakuti wapereka ndalama ku yunivesite timangowomba m'manja n'kupitiriza zathu, sitifunsa kuti ndalamazo zikathera pati. Funso limene ine limandivuta kwambiri ndi la anthu okhala kuseri kwa mpanda wa sukuluyo, amene mwina sadzalowamo m'kalasi moyo wawo wonse, kuti iwowo amalawako chani.

Poyamba tigwirizane kaye mmene ndalamazi zimayendera, chifukwa apa ndi pamene anthu ambiri amasokonezeka. Pali zopereka zoti zigwire ntchito lero lomwe, kumanga hositelo, kugula makina a mu labu, kulipirira ana fizi chaka chino. Ndiye pali zina zimene zimakalowa m'thumba lija amati endowment, zimene sukulu siloledwa kuzidya. Zimaikidwa m'masheya, m'malo, m'mabizinesi osiyanasiyana kuti zizibereka, ndipo chaka chilichonse sukulu imatapako kagawo kochepa, kawirikawiri 4 kapena 5 pa 100 iliyonse. Zili ngati ng'ombe ya mkaka, umakama koma supha. Ndiye munthu akapereka madola 1 miliyoni m'thumba limeneli musaganize kuti 1 miliyoniyo igawidwa kwa ophunzira mawa, ayi, chimene chizituluka ndi cha m'ma 40,000 kapena 50,000 pa chaka, koma chizituluka mpaka kalekale, adzukulu a woperekayo atakalamba kale.

Harvard ndiye katswiri pa masewera amenewa. Mu 2024 thumba lawo linali pa madola 53.2 biliyoni, ndipo ndalama zotapa m'menemo zimaposa gawo limodzi mwa magawo atatu a ndalama zonse zimene amayendetsera sukulu pa chaka. Anthu akamva nambala imeneyi amati nanga bwanji osangophunzitsa aliyense ulere, ndipo funsolo ndi labwino ndithu, kungoti thumbalo si thumba limodzi. Ndi timatumba masauzande ambirimbiri, ndipo pafupifupi 80 pa 100 ya ndalamazo zinabwera ndi lamulo la mwini wake: izi ndi za pulofesa wa phunziro lakuti, izi ndi za mabuku amtundu wakuti, izi ndi za ophunzira ochokera dera lakuti. Mwini wake mwina anamwalira zaka 150 zapitazo koma mawu ake akadagwirabe ntchito, olo denga litayamba kudontha simungatenge ndalama za mabuku a Chigiriki n'kukagulira malata.

Nkhani ya malamulo a opereka imeneyi ndi imene ine ndakhala ndikusinthasintha nayo maganizo, chifukwa mbali zonse ziwiri zili ndi umboni. Ukaona za Morin umati bola kumanga ndalama ndi chingwe cholimba. Ndipo pali chingwe china chimene chinasintha mbiri zenizeni. Pamene Johns Hopkins University ku Baltimore inkafuna kutsegula sukulu ya udokotala ndalama zinali zitaperewera, ndipo mayi wina wolemera, Mary Elizabeth Garrett, anati ine ndimalizitsa koma akazi azilowa mofanana ndi amuna, komanso aliyense wolowa akhale ndi digiri kale. Madoda a nthawi imeneyo sizinawakomere koma ndalama ankazifuna, anavomera, sukulu inatsegulidwa mu 1893 akazi ali momwemo. Pakanapanda chingwe chimenecho kaya akazi akanadikira zaka zingati.

Koma mbali inayo ndi yakuti opereka ambiri amakonda zinthu zooneka. Nyumba yatsopano yagalasi, dzina lawo pamwamba pa khomo ndi zilembo zikuluzikulu, zithunzi akudula riboni. Ndi ochepa amene amabwera kudzati ndikufuna kulipirira magetsi a nyumba imeneyi zaka 30 zikubwerazi, kapena malipiro a amayi okolopa, kapena kukonza mapaipi a zimbudzi, chifukwa pa paipi sulembapo dzina. Ndiye sukulu imatha kulandira mphatso ya nyumba n'kupezeka kuti yalandira ngongole, nyumbayo ikufuna alonda, ikufuna magetsi, ikufuna penti, zonsezo zizichokera mu fizi ya ana. N'chifukwa chake oyendetsa masukulu ambiri ukawafunsa mwakachetechete amanena kuti ndalama yokoma kwambiri ndi yopanda chingwe. Mu 2020 mayi wina wolemera kwambiri wa ku America, MacKenzie Scott, anachita zimenezo, anangopereka ku masukulu angapo amene anakhazikitsidwa kalelo kuti aziphunzitsa anthu akuda ku America, Prairie View A&M madola 50 miliyoni, Morgan State 40 miliyoni, osapempha dzina pa khoma, osanena kuti mugule chakuti. Kwa masukulu amenewo inali mphatso yaikulu kuposa ina iliyonse imene analandirapo kwa munthu mmodzi mpaka nthawi imeneyo.

Morgan State ili mu mzinda womwewo wa Baltimore ndi Johns Hopkins, ndipo mu 2018 mpondamatiki Michael Bloomberg anapereka ku Hopkins madola 1.8 biliyoni othandizira ophunzira osowa. Yerekezani nokha, 40 miliyoni uku, 1.8 biliyoni uko, mzinda umodzi. Sindikunena kuti Bloomberg analakwa, anaphunzira komweko ndipo ndalama ndi zake, koma ndi mmene zimakhalira paliponse: sukulu yolemera imatulutsa anthu olemera amene amadzabweza ku sukulu yomweyo, pamene sukulu yophunzitsa ana a anthu wamba, kumene madola ochepa angathe kupulumutsa mwana kuti asasiyire panjira, imangoyang'anira.

Tsopano tibwere kuseri kwa mpanda kuja.

Njira yoyamba imene ndalama zimatulukira pa geti ndi yosavuta kuiona, ntchito. Yunivesite yaikulu si mapulofesa okha, muli ophika, alonda, madalaivala, okonza magetsi, osamalira maluwa, ma nesi, olemba makalata, ndipo m'mizinda yambiri sukuluyo ndi chipatala chake ndiye olemba anthu ntchito wamkulu kuposa wina aliyense. Mu mzinda wa New Haven ku America, wolemba ntchito wamkulu ndi yunivesite ya Yale. Mphatso yomangira labu imadyetsa omanga kwa zaka ziwiri kapena zitatu, sikolashipu ya mwana mmodzi imakathera kwa mwini nyumba amene akumuchititsa lendi ndi kwa ogulitsa zinthu pafupi. Ndiye pali zina zimene sitiziwerengera ngati ndalama koma ndi ndalama ndithu, kiliniki imene ophunzira zamalamulo amathandiza anthu osauka ulere, ophunzira udokotala wa mano amene amazula dzino motchipa aphunzitsi awo akuyang'anira, layibulale ikakhala yoti aliyense atha kulowa, ophunzira opita kukaphunzitsa masamu m'masukulu oyandikana nawo. Zambiri mwa izi zimayenda ndi tindalama ta opereka, ndipo tindalamato tikauma zimayamba kutsekedwa ndi zomwezi chifukwa sizibweretsa fizi.

Koma pali chinthu chimene mabuku okongola a yunivesite aja satchula, chakuti anthu a m'deralo nawonso amapereka, mosafunsidwa. Ku America mayunivesite amenewa salipira msonkho wa malo ndi nyumba zimene akuphunzitsiramo, ndipo msonkho umenewo ndi umene mzinda umayendetsera masukulu a ana, misewu, ozimitsa moto. Ndiye sukulu ikamalemera n'kumagula malo ambiri, malowo amachoka pa kaundula wa msonkho, katundu amatsalira eni nyumba wamba. Woperekayonso boma limamuchotserako msonkho chifukwa chopereka, kutanthauza kuti gawo lina la mphatso yake talipira ndi tonse amene timakhoma msonkho. Ku New Haven anthu analimbana ndi Yale pa nkhaniyi zaka zambiri, zionetsero, mabungwe a ogwira ntchito, mpaka mu 2021 Yale inavomera kuwonjezera madola 52 miliyoni pa zaka zisanu ndi chimodzi pamwamba pa zimene inkapereka kale mwa kufuna kwake. University of Pennsylvania nayo mu 2020 inalonjeza madola 100 miliyoni pa zaka 10 kuti achotsere asbestos (zomangira zakale zodwalitsa mapapo) ndi mtovu m'masukulu a boma a ku Philadelphia, itapanikizidwa ndi aphunzitsi ake omwe ndi ophunzira. Amazitcha mphatso. Ine ndimaona ngati ndi kubweza kangachepe pa ngongole yakale, koma chabwino, asbestos akachoka m'kalasi mwana sasamala kuti pepala analembapo chani.

Johns Hopkins mwini wakeyo, munthuyo, atamwalira mu 1873 anasiya madola 7 miliyoni kuti agawe pakati, theka yunivesite theka chipatala, ndipo analamula kuti chipatalacho chizilandira odwala osauka a mu mzindawo posayang'ana khungu. Chinatsegulidwa mu 1889 ndipo kunena zoona chapulumutsa anthu osawerengeka a ku East Baltimore. Koma ndi chipatala chomwecho chimene mu 1951 madokotala anatenga maselo a mayi wakuda wodwala khansa, Henrietta Lacks, osamupempha, maselo amene afufuzira mankhwala dziko lonse lapansi banja lake osadziwa kanthu kwa zaka zoposa 20. Ndipo zaka za m'ma 2000 pamene ankakonza dera loyandikana ndi chipatalacho kuti pakhale ma labu ndi nyumba zatsopano, mabanja mazanamazana anasamutsidwa. Anapatsidwa chipukuta misozi inde, koma mudzi ukabalalika sugulika. Ndiye ukafunsa munthu wa kumeneko ngati Hopkins ndi dalitso kapena tsoka usadabwe akakuyankha kuti zonse, ndipo sakunama.

Ili ndiye vuto la sukulu ikakula ndi ndalama za opereka. Dera limakongola, misewu imawala, apolisi amachuluka, malo odyera amatseguka, kenaka lendi imakwera ndipo amene anapirira zaka zonse dera lili loipa ndi amene amayamba kulongedza katundu. Mlonda wa pa geti amapezeka akukwera mabasi awiri kuti afike pa ntchito pamene kale ankangoyenda wapansi. Masukulu ena anazindikira, Yale kuyambira 1994 imathandiza ogwira ntchito ake ndi ndalama akafuna kugula nyumba m'madera ena a New Haven, ndipo zoterezi ine ndimaziwerengera kuposa nyumba yagalasi iliyonse.

Nkhani ya Ruth Gottesman inandipatsa maganizo awiriawiri. Mu February 2024 mayiyu, ali ndi zaka 93, amene anaphunzitsapo pa Albert Einstein College of Medicine ku Bronx, anapereka madola 1 biliyoni amene mwamuna wake anamusiyira, kuti ophunzira udokotala pamenepo asamalipirenso fizi mpaka muyaya. Fizi inali yoposa madola 59,000 pa chaka. Anakananso kuti sukulu isinthe dzina n'kutenga lake. Kanema wa ophunzira akulira ndi chimwemwe uja ndi wokhudza mtima shuwa. Koma Bronx ndi dera losauka kwambiri mu mzinda wa New York, ndipo pa nkhani ya umoyo wa anthu limakhala kumapeto m'boma lonse la New York chaka ndi chaka, ndiye funso ndi lakuti madokotala ophunzira ulerewa adzatsala ku Bronx? Chiyembekezo ndi chakuti munthu wopanda ngongole sathamangira ntchito ya ndalama zambiri, atha kusankha kukhala dokotala wa mabanja m'dera losauka. Mwina. Koma palibe chowakakamiza, ndipo sukulu ikakhala yaulere ofunsira malo amachuluka, mpikisano umakula, ndipo pa mpikisano wa magiredi amapambana kawirikawiri ndi ana amene anakulira m'nyumba za mabuku ndi aphunzitsi apadera. Ndikanakhala ine ndi biliyoniyo, ndipo ndilibe olo kachidutswa, ndikanapatula gawo lina kuti likhale la ana a m'deralo kapena la amene alonjeza kugwira ntchito komweko zaka zingapo.

Za ndalama zakuda ndingodutsapo msanga chifukwa ndi nkhani ina payokha. London School of Economics inavomera mapaundi 1.5 miliyoni kuchokera ku bungwe la mwana wa Muammar Gaddafi, ndipo mu 2011 zinthu zitavuta ku Libya mkulu wa sukuluyo Howard Davies anatula pansi udindo. Banja la Sackler, amene anali eni kampani yopanga OxyContin, mankhwala amene anakola anthu ambirimbiri ku America, dzina lawo linali pa makoma a masukulu otchuka, mpaka yunivesite ya Tufts inalimatula mu 2019. Munthu amatha kugula ulemu popereka, ndipo sukulu ikalandira imakhala yamubwereka dzina lake labwino. Amene anavulazidwa popanga ndalamazo nthawi zambiri ndi anthu wamba omwe aja a kuseri kwa mpanda.

Koma musaganize kuti nkhani yonseyi ndi ya mabiliyoni. Munthu amene ine ndimamuganizira kwambiri ndi gogo Oseola McCarty a ku Hattiesburg, m'boma la Mississippi ku America. Anasiya sukulu ali sitandade 6 kuti azisamalira azakhali awo odwala, ndipo moyo wawo wonse ankachapa ndi kusita zovala za anthu, n'kumasunga pang'onopang'ono ku banki. Mu 1995, ali ndi zaka 87, zinamveka kuti apatula madola 150,000 kuti apite ku University of Southern Mississippi akhale sikolashipu ya ana osowa, makamaka akuda. Sukulu imeneyo ili mu tauni yawo yomweyo ndipo inayamba kulandira ophunzira akuda mu 1965, kutanthauza kuti pa utsikana wawo olo akanakhoza bwanji sakanaloledwa kulowamo. Anthu atamva, amalonda a m'tauniyo ndi ena akutali anayamba kuponyamo zawo, thumba linakula, ana anayamba kuphunzira gogoyo akadali moyo. Apa ndalama inachokera kunja kwa mpanda, inalowa, n'kutulukanso kupita kwa ana a kunja komweko, chifukwa mwini wake ankadziwa bwinobwino amene akufuna kuthandiza ndipo ananena momveka.

Ndipo sikolashipu siifunika kukhala ya fizi yonse kuti igwire ntchito. Ana ambiri amene amasiya yunivesite sikuti alephera mayeso, ndi kangongole kakang'ono kamene kawatsekera kulembetsa temu yotsatira, ndi lendi ya mwezi umodzi, ndi laputopu yobedwa, ndi thiransipoti yopita ku maliro. Masukulu ena ali ndi kathumba ka mwadzidzidzi ka zoterezi, ndipo nthawi zambiri kamadzazidwa ndi anthu opereka pang'onopang'ono mwezi ndi mwezi, ophunzira akale, ogwira ntchito pa sukulupo, anthu oti dzina lawo silidzalembedwa pena paliponse. Mwana wotere akamaliza, makamaka ngati ndi woyamba m'banja mwawo kufika pa yunivesite, amakoka abale ake ang'onoang'ono, ndipo imeneyi ndi njira ina imene mphatso imatulukira pa geti ngakhale palibe amene amaijambula.

Ku Ghana kuli Ashesi University imene Patrick Awuah anayambitsa mu 2002 atasiya ntchito ku Microsoft, anayamba ndi ophunzira 30 m'nyumba ya lendi ku Accra ndi ndalama zake komanso za anzake ndi ena akufuna kwabwino, mu 2011 anasamukira ku Berekuso, ndipo ophunzira ambiri osowa amaphunzira ndi thandizo la Mastercard Foundation. Ndaitchula kuti tione kuti sukulu yonse itha kubadwa ndi zopereka. Koma sukulu yodalira bungwe limodzi kapena awiri akuluakulu imagona ndi diso limodzi, chifukwa bungwe likangosintha mfundo zake ku likulu, ana amene anayamba kale maphunziro ndi amene amatsala padzuwa. Komanso boma likaona kuti akufuna kwabwino akupereka limatha kuyamba kubwerera m'mbuyo pang'onopang'ono, pamene zopereka pa masukulu ambiri a boma ndi kagawo kochepa chabe poyerekeza ndi malipiro a aphunzitsi a chaka chonse.

Chitsanzo chimene ine chimandigwira mtima kwambiri chinatembenuza zinthu. Mu 2005 mu mzinda wa Kalamazoo, m'boma la Michigan ku America, anthu ena amene anakana kutchulidwa mayina analonjeza kuti mwana aliyense womaliza sekondale m'masukulu a boma a mu mzindawo, ataphunziramo zaka zosachepera zinayi, adzamulipirira fizi ku koleji kapena yunivesite ya boma m'Michigan. Sanayang'ane kuti makolo ake amapeza bwanji, anangoyang'ana zaka zimene mwanayo waphunzira m'masukulu a mzindawo, amene anayambira mkaka komweko amalipiriridwa yonse, wobwera mochedwa gawo lochepa. Ndalama sanazipereke kwa yunivesite kuti iganizire anthu oyandikana nayo, anazimangirira pa mwanayo, ndiye mwana akasankha sukulu ndalama imamutsatira. Masukulu a boma a mzindawo amene ana ankachepa chaka ndi chaka anayambanso kudzaza, ndipo mizinda ina inatengera, New Haven inayambitsa yake mu 2010 ndi ndalama za Yale. Sikuti zonse zinatheka, ana ambiri ochokera m'mabanja osauka amalowa koma osamaliza chifukwa fizi si vuto lokhalo, pamafunikanso pogona, chakudya, ndi wina wowalangiza chaka choyamba chikawalemera, ndipo a Kalamazoo Promise, bungwe loyendetsa lonjezoli, pano amagwiranso ntchito yotsatira ana amene anasiyira panjira kuti abwerere, popeza mwana amapatsidwa zaka 10 kuchokera pamene wamaliza sekondale kuti agwiritse ntchito mwayi wakewo.